Lozani Pomwe Pali Mwana

Bur Dubai
13 Seputembala 2002

Amayi,

Kuno kwacha ndi nkhungu yotentha. Ndi 7 koloko m'mawa koma magalasi a mawindo ayamba kale kuchita thukuta ngati munthu, ndipo nyumba ya tsidya la msewu sikuoneka bwino. Asalamu aleikumu. Muli bwanji inu, mwana wanga Amira, ndi achimwene a Asumani amene akukuwerengerani kalatayi? Ine ndili bwino.

Ntchito ndi yomwe ija. Madamu Emelia sanayambebe kulankhula chidwalireni sitiroko. Ndimawasambitsa, kuwamwetsa phala ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Amuna awo, bambo Maurice, ndi nkhalamba ya ku India. Shopu yawo ya makompyuta anasiyira ena, tsopano amangokhala pakhomo. M'nyumba muno tilimo atatu, koma tsiku limatha mawu amene ndalankhula osakwana khumi. Nthawi zina ndikamatsuka mbale ndimatchula mayina a anthu a kwathu mokweza, kuti pakamwa pasaiwale.

Muli chipinda china chodzaza ndi makompyuta akale amene bambowa amakana kutaya. Ndimapukutamo fumbi Lachitatu lililonse. Sabata yatha anayatsa imodzi kuti ndione. Galasi lake linali lakuda bii, kamzere kobiriwira kakuphethira pakona. Akuti kale makompyuta anali otero. Ukafuna chinthu umalemba mawu ake enieni a Chingerezi, ukaphonya chilembo chimodzi imakukana. Ndiye amene sanaloweze mawuwo ankachita kupempha wodziwa kuti awalankhulire. Kenako anandionetsa kanthu kogwira m'manja kokhala ndi chingwe kumbuyo. Dzina lake m'Chingerezi ndi mbewa. Yoyamba akuti inali yathabwa, anaipanga munthu wina ku America inu mukadali mtsikana. Ndinakasekera kukhitchini.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Achimwene analemba mwezi watha kuti a Jafali, bambo ake a Amira, akufuna kudzamutenga Khirisimasi ikapita kuti akayambe sukulu kwawo ku Lilongwe. Amayi, ine ndakana. Munthu anatisiya mwana ali ndi miyezi inayi, lero wamukumbukira chifukwa wakwatira wina ndipo m'nyumba mwawo mulibe mwana. Akapita kumeneko sadzabwera. Sukulu kwathu iliko, ine ndinaphunzira pomwepo mpaka Sitandade 7. Kontirakiti yanga itha Novembala wa chaka chamawa. Mundisungire mwana wanga, ndidzamupeze pakhomo panu.

Mundiuze ngati chinangwa chachita bwino. Kodi Amira mano ayamba kuchoka?

Ndine mwana wanu,
Zuwena

*

Nkhotakota
6 Okutobala 2002

Chemwali Zuwena,

Waaleikumu salamu. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa lanyanya. Kalata yako inafika Lachinayi. Monga mwa chizolowezi chawo, amayi anaitsegula okha, kuinunkhiza, kuitembenuza uku ndi uku ngati awerenga, kenako n'kundipatsa. Za mbewa ija anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwana wa Chisilamu kukwera ndege kukagwira mbewa? Umuuze azisamba m'manja asanaswali."

Chinangwa chachita bwino, chaka chino sitilira ngati chatha. Amira dzino limodzi lapansi lachoka, ndipo akuonetsa aliyense wodutsa pamsewu, ngakhale alendo.

Amayi akuti ndikuuze kuti athokoza poti za Amira wazimvetsa, mtima wawo wakhala pansi. A Jafali abwera pa 28 Disembala. Ndinapita ndekha kukaona kwawo ku Mchesi. Nyumba ndi yamalata, magetsi alimo, mpopi uli pakhomo, sukulu ndi yongowoloka msewu. Mkazi wawo ndi munthu wofatsa. Iwe uli kutali, zinthu zina sungazione. Mwini mbumba ndine, malume ake a mwanayu, ndipo sindingamupereke poti akazunzike.

Ukapeza munthu wobwera kuno utumize nsapato za sukulu. Phazi lake ndalijambula kuseri kwa pepalali, anandivuta poti pensulo imamugirigisha. Uikemonso masingano a makina anga, ogula kuno akuthyoka ngati udzu. Yunifolomu ndimusokera ndekha ndikadziwa mtundu wa nsalu ya sukulu ya kumeneko.

Mlongo wako,
Asumani

*

Bur Dubai
25 Okutobala 2002

Achimwene,

Iyi ndi yanu, musawawerengere amayi.

Kalata yanu ndaiwerenga kanayi. Ndi pati pamene ndinavomera? Ndinalemba kuti ndakana, ndipo ndikukumbukira bwino chifukwa cholembera chinaboola pepala pa mawu amenewo. Za mbewa munawerenga, za chinangwa munawerenga. Ndime ya mwana munaidumpha.

Chikhalire sindinakuyankhenipo mwamwano, ndipo lero sindiyamba. Ndikungopempha kuti mutenge kalata ija muwawerengere amayi yonse. Ndinaganiza zoimba foni ku positi ofesi, koma wokawatenga amayi kuti abwere pafoniyo ndinu nomwe.

Phazi lija ndinaikapo dzanja langa. Latalika kuposa chikhatho. Pochoka ine linkakwana m'manja monse n'kutsala malo. Nsapato ndigula, koma zikayende njira ya kusukulu ya kwathu.

Ndidikira yankho lanu.

Zuwena

*

Bur Dubai
22 Novembala 2002

(Kalatayi inalembedwa pa pepala la kope la masamu. Pambali pa ndime iliyonse pali kachithunzi kodetsedwa m'timabokosi.)

(dzuwa)
Amayi, asalamu aleikumu. Kuno kwayamba kuzizirako. Ramadhani ndikufunga ndekha, osadya tsiku lonse, dzuwa likalowa ndimafutulu ndi zipatso za tende zitatu ndili chiimire kukhitchini. Achimwene sanandiyankhe.

(kabokosi komwetulira)
Tsiku lina bambo Maurice anandipeza ndikulira m'chipinda cha makompyuta, nsanza ili m'manja. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Khalas, khalas," ndiye kuti basi, basi, n'kutsitsa kakompyuta kena pashelefu, ka 1984, kokhala ndi pogwirira pamwamba ngati kachigubu. Atakayatsa panatuluka kankhope komwetulira. Galasi lake silinali lakuda ngati lija, linali loyera ngati pepala, lili ndi tizithunzi: foda, pepala, bini ya zinyalala. Anaika dzanja langa pa mbewa ija nati, "Yalla, tiye, loza." Ndinaloza foda, kudina kawiri, inatseguka. Akuti nzeru imeneyi inakula m'zaka za m'ma 1970, kwa anthu ena a ku America a kampani yopanga makina okopera mapepala. Anthuwo anati galasi lizioneka ngati pamwamba pa tebulo la muofesi, ndipo ankaitana ana a sukulu kuti ayese, aone ngati mwana angathe. Tizithunzi ta pa kakompyuta aka anajambula ndi mayi wina, ndipo anayambira m'kope la timabokosi, kudetsa kabokosi kamodzikamodzi. Ine ndinafunsa kuti, ndiye munthu wosadziwa mawu aja safunanso womulankhulira? Anati ayi, amangoloza chimene akufuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti zaka ziwiri zonsezi aka kanali koyamba kuti ndiwafunse funso. Lachisanu ndinatsika kukagula kope.

(dzanja loloza)
Amayi, zilembo simuzidziwa koma maso muli nawo. Lozani chithunzi, munene kuti akuwerengereni pamenepo.

(mwana wa dzino limodzi lochoka)
Apa ndi pa Amira. Sindinavomere kuti apite kwa a Jafali. Ndinakana mu Seputembala, ndikukananso lero. Amene anakuuzani kuti ndamvetsa sanakuuzeni zimene ndinalemba. Inu mukukumbukira tsiku limene a Jafali ananyamula chikwama n'kunena kuti akupita kukafuna ntchito, abwera mwezi ukatha. Mwana anadwala malungo kawiri, anayamba kukwawa, anayamba kuyenda, iwo osaoneka. Amene anamubereka kumbuyo kupita naye kuchipatala mvula ikugwa ndinu. Sindikunena kuti asamuone. Abwere, amuone, amugulire zimene akufuna, koma agone pakhomo panu. Ine kuno ndimatembenuza mayi wa eni kanayi pa tsiku, ndimadya ndekha, Lachisanu ndimapita kukaima pamene maboti amawolotsa anthu n'kumangomvera zilankhulo zimene sindizimva. Zonsezi ndimapirira chifukwa ndimadziwa malo amene mwana wanga wagona, ndimadziwa mphasa yake ndi mbali imene kuli windo. Akapita ku Lilongwe ndizimuganizira ali pati? Nyumba imeneyo sindinaionepo. Ngati pali chifukwa china chimene simukundiuza, ndiuzeni, ndine wamkulu tsopano. Koma musamupereke poganiza kuti ine ndalola. Sindinalole.

Zuwena

*

Nkhotakota
15 Disembala 2002

Zuwena,

Moni. Idi tinadya bwino. Wandichititsa manyazi, ndipo ndikufotokozera mmene zinakhalira kuti usangalale bwino.

Kalata inafika Lachinayi. Amayi anaitsegula, kuinunkhiza, kenako n'kuyang'anitsitsa tizithunzi tija. Sanandipatse ayi. Anaigwira mbali ina, ine mbali ina, ngati tikulimbirana nsalu pamsika. Analoza dzuwa. "Werenga apa." Ndinawerenga. Analumpha kabokosi ndi dzanja, chala n'kukatera pa mwana. "Uyu ndi Amira uyu, ona dzino. Werenga apa."

Ndinati, "Akuti moni kwa Amira, azimvera agogo ake."

Anati, "Basi?"

Ndinati basi.

Ndiye anayamba kuyeza ndi zala, ngati mmene ndimayezera kolala. "Padzuwa paja ndi zala ziwiri, unalankhula mpaka kumeza malovu. Apa zala zisanu ndi zitatu, iwe wangoti moni? Asumani, ine sindinapite kusukulu, koma mpunga ndimagulitsa. Ndimadziwa mbale yodzaza ndi yosadzaza."

Anamanga mpango, kutenga ndodo, ulendo kwa mayi Beatrice a zaumoyo aja kuti akawawerengere. Amira ali pambuyo. Anthu onse a pakhonde la sitolo pomwe ndimasokera anaona. Pobwera sanandiyang'ane.

Tsopano imva zimene unapempha kuti uuzidwe. Wamva ndati ndodo. Amayi miyendo inayamba kutupa mwezi wa Meyi. Mu Julayi anagwa ku mjigo, anthu anachita kuwanyamula. Masiku ena sadzuka mpaka dzuwa litakwera, ndipo Amira amadya chinangwa chozizira cha dzulo. Anandiletsa kukulembera, akuti ungasiye ntchito. Kwanga ukudziwa, chipinda chimodzi ana anayi. Ndiye inde, ndinkadumpha. Zako ndinkadumpha kuti iwo asalire, zawo ndinkadumpha kuti iwe usalire. Ndimaganiza kuti ntchito ya mwamuna pa mbumba ndi imeneyo. Kalata yako ya Okutobala ndinailandira.

A Jafali akubwerabe pa 28. Ndinawalonjeza pamaso pa anthu, sindingawabweze pa kalata. Zoti zikatha bwanji sindikudziwa, poti amayi sakundilankhula. Uwathokoze abwana akowo chifukwa cha maphunziro.

Asumani

*

Nkhotakota
30 Disembala 2002

Zuwena mwana wanga,

Akulemba ndi mayi Beatrice, mawu ndi anga, mayi ako. Ndawauza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, ndipo pa ndime iliyonse ndidinda chala changa ndi inki, kuti nawenso uwerenge zala. Zikhala zinayi.

A Jafali anabwera Loweruka ndi minibasi yawo, ndi mkazi wawo, ndi chidole chotseka maso. Ndinawayalira mphasa, anamwa tiyi. Atayamba nkhani ndinatulutsa pepala lako, kuloza pa mwana, mayi Beatrice n'kuwerenga mokweza mpaka pomaliza. A Jafali anati, "Amayi, zimenezi tinamaliza kale ndi amalume ake." Ine ndinati, "Amalume akewo ndinabereka ndine. Mwini mwana wakana, ndipo mwamva nokha." Anati mafuta a galimoto awononga. Ndinati njira yomwe yawatha pobwera ndi yomweyo pobwerera, sinatalike. Mkazi wawo pokwera galimoto anali akupukuta m'maso, ndipo ameneyo ndinamumvera chisoni. Chidole anasiya. Amira ali pano, akuswa mtedza pakhonde.

Za miyendo mlongo wako wanena zoona. Ndinabisa ndine, usamude. Wakwiya, koma dzulo m'mawa ndinapeza ndowa ziwiri za madzi pakhomo, ndipo pamwamba pa chivindikiro panali yunifolomu ya sukulu ya konkuno, yosita bwino. Anabwera ndi kuchoka osaodira. Ine mphamvu zondifikitsa mvula ikubwerayo ndili nazo. Kupitirira pamenepo sindilonjeza. Novembala ukafika usawonjezere masiku.

China ndi ichi, ndipo ndalimbana nacho ngati ndinene. Amira amakonda pepala lako lija, amagona nalo. Anandifunsa kuti wamujambula ndani. Ndinati amayi ako. Anaseka, nati, "Amayi anga ndinu, inu simutha kujambula." Ndinamuonetsa chithunzi chako cha pachiphaso chija, anati ameneyo ndi anti a ku ndege. Usalire nazo, ndi mwana. Koma wati tisamakubisire, ndiye ndanena.

Mayi ako

*

Bur Dubai
17 Januwale 2003

(zala zinayi)
Amayi, asalamu aleikumu. Kalata yanu inafika dzulo masana. Zala ndawerenga, zakwana zinayi. Ya achimwene inafika pa 4, ndiye masiku khumi ndi awiri ndinakhala ndikudziwa kuti pa 28 padutsa koma osadziwa kumene mwana ali. Ndinathira mchere mu tiyi wa madamu. Dzulo nditawerenga ndinakhala pansi m'khitchini mpaka mpunga unapserera. Zikomo, amayi. Muwathokozenso mayi Beatrice.

(mwendo)
Mupite kuchipatala cha pa boma, musadikire kuti mugwenso. Ndawauza bambo Maurice kuti Novembala ndikupita ndipo sindidzabwerera. Anagwedeza mutu nati, "Inshallah." Kenako analowa kukhitchini, kutsegula makabati onse, n'kundifunsa komwe kumakhala shuga. Akuti ayambe kuphunzira.

(makina osokera)
Achimwene, apa ndi panu. Sindinafune kukuchititsani manyazi pakhonde la sitolo. Ndinalibe njira ina. Madzi aja ndamva, yunifolomu ndamva. Nsapato ndi masingano ndapatsira a Stafford, alonda a ku Al Garhoud amene akubwera kumudzi mwezi uno, adzazisiya pa sitolo. Ndikupempha kuti makalata anga muziwerenga ndinu ngati kale. Mawu anu amayi anawazolowera.

(mkazi wa mpango)
Ichi ndachijambula kasanu, mapepala anayi ndataya. M'timabokosi nkhope ya munthu sikwana bwino, mphuno imatuluka ngati ya wina. Ndinadziyang'ana pagalasi la kubafa n'kuika kadontho patsaya lamanzere pamene pali kachipsera kanga, mwina inu mundizindikira. Pepalali mumupatse Amira. Musamuuze kanthu, musiyeni aziyang'ana yekha. Tsiku limene adzaloze pamenepa n'kufunsa, mudzamuwerengere mawu awa okha: uyu ndi Zuwena, amadziwa mbali imene umagona, akubwera mvula ikamayamba. Musamukakamize kunena kuti amayi. Ndidzayesa ndekha ndikafika.

Madamu adzuka, ndikumva akugogoda bedi ndi supuni.

Ndamaliza kulemba lero Lachisanu, nthawi ili 4 koloko madzulo.

Zuwena